Mwana wanga akufuna azidzapanga anthu olankhula a m'magemu. Kodi zimadyetsa?

Funso: Alangizi, mwana wanga ali Fomu 3. Masamu amakhoza, koma mtima wake wonse uli pa magemu a pakompyuta. Akuti akufuna azidzapanga anthu a m'magemu amene amacheza ndi kuyankha ngati anthu enieni. Ine ndimalakalaka atadzakhala dokotala. Kodi zimene akunenazi zili ndi sukulu yake? Nanga munthu n'kudyera zimenezi?
Mayi wa ku Mzuzu

Yankho: Mayi, sukulu yake ilipo, ntchito yakenso ilipo. Koma ndisakunamizeni, kuno kwathu kulibe makampani akuluakulu a magemu amene amalemba achinyamata ntchito chaka ndi chaka monga amachitira mabanki. Luso limene mwana wanu akulifunali lili ndi msika wina, ndipo ndifikako.

M'gemu mumakhala anthu amene wosewera sawayendetsa, monga wogulitsa m'sitolo kapena mlonda wa pachipata. Opanga magemu amawatcha ma NPC. Chimene amavutika nacho ndicho choti wosewera aiwale kuti akulankhula ndi pulogalamu, ndipo kuchuluka kwa nzeru si kumene kumachititsa zimenezo. Mu 1966 Joseph Weizenbaum wa ku yunivesite ya MIT, ku America, anaonetsa pulogalamu yotchedwa ELIZA. Inkangotola mawu a munthu n'kumubwezera ngati funso, osamva kanthu n'komwe. Komatu mlembi wa mu ofesi yake, yemwe ankadziwa bwino kuti ndi pulogalamu chabe, anamupempha kuti atuluke kaye kuti acheze nayo payekha.

M'zaka za m'ma 1990, gulu la Joseph Bates ku Carnegie Mellon University linakatapa nzeru kwa ojambula makatuni. Iwo ankati mpangankhani amaoneka wamoyo akakhala ndi khalidwe lakelake, akamakwiya kapena kuchita manyazi pa nthawi yake, ndipo zochita zake zikamatsatira chimene mtima wake ukufuna. Michael Mateas, amene anaphunzira komweko, pamodzi ndi Andrew Stern anatulutsa gemu ya Façade mu 2005. Wosewera amakacheza kwa Grace ndi Trip, banja limene lili pa mkangano, ndipo amalemba chilichonse chimene akufuna kunena. Ukapitiriza chipongwe, Trip amakutulutsa pakhomo. Ampangankhani awiri okha, nyumba imodzi, koma ntchitoyo inawatengera zaka pafupifupi zisanu.

Lero zinthu zasintha chifukwa cha mapulogalamu a AI (nzeru zopangidwa pakompyuta) monga ChatGPT. Mu 2023 ofufuza a ku yunivesite ya Stanford ndi ku Google anaika ampangankhani 25 m'kamudzi ka pakompyuta, aliyense ndi zokumbukira zake. Anauza mmodzi yekha kuti akufuna kukonza phwando la Valentine, uthenga n'kufalikira wokha, ena n'kubweradi. Kulankhula tsopano n'kosavuta. Chovuta n'kumusunga mpangankhani m'khalidwe lake: asaiwale zimene munakambirana dzulo, asapeke mabodza, mlonda wa pachipata asayambe mwadzidzidzi kuphunzitsa masamu, ndiponso asachedwe kuyankha mpaka wosewera kutopa. Amene amatha kukonza zimenezi ndi amene akufunidwa.

N'chifukwa chake malangizo anga ali pawiri. Alimbikire masamu, physics, Chingerezi, ndi Computer Studies ngati sukulu yake ili nayo. Kuti adzasankhidwe kupita ku yunivesite ya boma kudzera ku NCHE pamafunika makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, Chingerezi chili momwemo, ndipo pa maphunziro a kompyuta masamu ndiwo amayang'anidwa kwambiri. Koma asanyoze phunziro la Chichewa ndi mabuku ake, ndipo ngati pasukulu pali gulu la zisudzo alowe. Ana a sayansi ambiri amaona ngati zisudzo n'zotaya nthawi. Pa ntchito iyi amene sadziwa mmene munthu wokwiya amayankhira mwachidule, kapena mmene mpongozi amazembera funso, adzapanga ampangankhani olankhula ngati chikalata cha ku ofesi.

Ku yunivesite asasake digiri yokhala ndi dzina la magemu. Atenge ya computer science kapena yofanana nayo, ku UNIMA ku Zomba, MUST ku Thyolo, MUBAS ku Blantyre kapena Mzuni komweko kwanu. Digiri yotere imamusiyira makomo ambiri otsegula akadzasintha maganizo. Zozama za AI anthu ambiri amakaziphunzira pa masitazi, ndipo misonkhano ya Deep Learning Indaba, imene inayamba mu 2017 ku Johannesburg, ndi kumene ophunzira a mu Africa muno amakumana ndi akadaulo.

Tsopano za kudya. Luso lomwelo ndi limene limapanga mapulogalamu ocheza ndi anthu pafoni: oyankha makasitomala a banki, olangiza za umoyo, othandiza alimi. Bungwe la Opportunity International linayambitsa Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp yoyankha mafunso a ulimi m'Chichewa. Kunja, ophunzira udokotala ndi unamwino amayeserera kufunsa mafunso pa odwala a pakompyuta asanakumane ndi wodwala weniweni, kotero mwina maloto anu ndi ake sanatalikirane kwambiri. Ndipo pano mwana wa kuno ali ndi mwayi. Mapulogalamu a AI amapunduka m'Chichewa chifukwa zolembedwa zathu pa intaneti n'zochepa. Pulogalamu imene ingauze agogo kuti "iwe ukufuna chiyani" yaluza kale, ngakhale yankho lake litakhala lolondola. Katswiri wa ku California sangaligwire vuto limenelo, mwana wanu angaligwire.

Koma kukonda kusewera ndi kukonda kupanga ndi zinthu ziwiri, ndipo ambiri amene amati akufuna kupanga magemu amangofuna kusewera. Muyeseni pa holide ikubwerayi. Atenge Twine, pulogalamu yaulere yolembera nkhani zokhala ndi njira zingapo, apange mpangankhani mmodzi yekha: mayi wogulitsa tomato pamsika. Mayiyo azikumbukira kuti dzulo unanenerera mtengo mpaka kumukwiyitsa, azipatsa basera kasitomala waulemu, azimana wachipongwe. Akamaliza apatse anzake asewere, iye akhale phee n'kumalemba pamene akuseka ndi pamene akunena kuti "aaa, munthu sangayankhe choncho". Kenako akonze. Akaifikitsa kumapeto popanda inu kumukakamiza, muthandizeni apite ku Godot, pulogalamu yopangira magemu yaulerenso, ndi kuphunzira Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta.

Musathamangire kugula kompyuta yodula imene angakuuzeni kuti ndi ya magemu. Twine ndi Godot zimayenda pa laputopu wamba, ngakhale yogula kwa wina. Ndipo mugwirizane naye poyera kuti akafika Fomu 4 zonsezi ziziyembekeza Loweruka mpaka mayeso atatha.