Ndikufuna kuyamba kulembera mawebusaiti, ndiyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene amawerenga tsamba lino, ndiye ndamupempha kuti ndimuyankhe pompano chifukwa funso lakeli limandipeza pafupipafupi. Mwachidule akuti anamaliza maphunziro a zaulimi ku Bunda, patha zaka ziwiri ntchito yokhazikika osaipeza, panopa akuphunzitsa pa sukulu ina ya pulaiveti ku Dedza. Amakonda kulemba ndipo anamva kuti anthu akulandira madola polembera mawebusaiti. Akufunsa kuti ayambire pati, kodi za Upwork zija, webusaiti imene anthu amapezerapo ganyu wa pa intaneti, nzoona kapena ndi utambwali, nanga ndalamazo zimafika bwanji kuno.

Achemwali, ntchitoyi ilipodi ndipo ine ndimadyera momwemo, koma ndikuuzeni zoona zake kuti musataye chaka chonse mukugogoda khomo limene linatsekedwa kale. Kale kunali ganyu wambiri wa tinkhani tophweka, tija ta ubwino wakumwa madzi m'mawa kapena malo khumi oti mukaone mukapita ku Dubai, munthu umangofufuza pa Google nkulemba mawu 500 basi walandira kangachepe. Chibwerereni ChatGPT, makina a pa intaneti amene amalemba nkhani ukawauza, mu November 2022 ganyu ameneyo anaphwa, mwini webusaiti akudzilembera yekha pa mphindi ziwiri, ndipo mu March 2024 a Google nawo anakhwimitsa malamulo awo nkuyamba kukankhira pansi masamba odzaza ndi nkhani zongochulukitsa zopanda mutu. Ndiye mukalowa ndi mtima woti ndilemba chilichonse chimene andipatse, mukupikisana ndi makina komanso anthu zikwizikwi a ku Kenya, India ndi Philippines amene anayamba kalekale.

Chimene ndaona mu imelo yanu, chimene inuyo mwangochitchula modutsa ngati chosafunika, ndi digiri ya zaulimiyo komanso kuti muli ku Dedza. Katundu wanu ndi ameneyo. Makina sanaimepo m'munda wa kachewere nkumva mlimi akudandaula za chiwawu, sadziwa mmene amayi akusakanizira gaga, phulusa, ndowe ndi kafeteleza pang'ono kuti apange manyowa a Mbeya poti thumba lakwera mtengo, sanaone ndi maso mmene ntchemberezandonda zimabowolera chimanga chifikireni kuno cha mu 2017. Inu mutha kukwera kabaza Loweruka, kucheza ndi alimi atatu ndi mlangizi mmodzi, kujambula zithunzi ndi foni, nkubwera ndi nkhani yoti palibe wina aliyense padziko angailembe ali pa desiki. Akonzi amalipira zimenezo. Mongabay imalemba za chilengedwe ndipo imagwira ntchito ndi olemba odziimira paokha, SciDev.Net ndi ya sayansi ndi chitukuko, palinso African Arguments, ndi The Continent ija inayamba mu 2020 imene anthu amatumizirana pa WhatsApp. Kuno kwathu kuli mabungwe, makampani ogulitsa mbewu, ngakhale maloji a kunyanja, amene mawebusaiti awo angokhala chaka chathunthu osaikapo kanthu chifukwa palibe wolemba. Ndipo musaderere Chichewa chanu, mabungwe ambiri amasowa munthu wotha kulemba uthenga wa alimi m'Chichewa chomveka osati chongotembenuza mawu ndi mawu.

Koma musanalembere aliyense mukhale ndi zoonetsa. Mkonzi safunsa satifiketi, amangoti tiwone zimene unalembapo. Tsegulani akaunti yaulere pa Medium kapena WordPress, mawebusaiti amene aliyense atha kuikapo zolemba zake, lembani nkhani zitatu zenizeni za mawu pakati pa 800 ndi 1,000, zonse za ulimi, ndipo muzilembe ngati kuti wina wakulipirani kale. Mukamaliza isiyeni igone usiku umodzi, mawa muiwerenge mokweza, pamene lilime lapunthwa mpamene pali vuto. Zitatu zabwino zikukwanira, musadikire kuti zifike makumi awiri.

Kenako pamabwera chimene timati pitch, ndipo apa mpamene ambiri amagwera ndiye ndichedwepo pang'ono. Pitch ndi kaimelo kakafupi kopita kwa mkonzi, komuuza nkhani imene mukufuna kulemba musanailembe. Anthu ambiri amalemba kuti ndine wolemba waluso, ndimalimbikira ntchito, chonde ndipatseni mwayi, ndipo imelo yotere siyankhidwa chifukwa mwamupatsa mkonzi ntchito yokuganizirani nkhani. Inu muzilowa ndi nkhaniyo m'chiganizo choyamba, mwachitsanzo kuti alimi a dera lakuti asiya kudalira feteleza wa m'sitolo ayamba Mbeya, ndikufuna kufufuza ngati zokolola zikusinthadi, ndilankhula ndi alimi, mlangizi ndi katswiri wa za nthaka, ikhala ya mawu 900 ndipo nditha kupereka pakatha masabata awiri. Pansi pake mizere iwiri yonena kuti ndinu ndani ndi malinki a nkhani zanu zija, basi. Musanatumize werengani nkhani zosachepera zisanu za tsamba limenelo kuti mudziwe zimene amakonda, komanso ambiri amakhala ndi peji yofotokoza mmene amafunira pitch, itsateni ndendende. Ena sadzayankha, zimenezo zisakugwetseni ulesi, pakatha sabata kumbutsani kamodzi mwaulemu, akakhalabe chete nkhaniyo itumizeni kwina.

Za Upwork, ndi kampani yeniyeni, dzinali linabwera mu 2015 ataphatikiza Elance ndi oDesk. Vuto lake ndi loti pofunsira ntchito mumagwiritsa ntchito ma Connects, amene ali ngati matikiti ndipo amagulidwa, ndiye munthu watsopano wopanda ndemanga ngakhale imodzi atha kuthera ndalama osapeza kalikonse. Fiverr, webusaiti ina yopezerapo ganyu ngati Upwork, ndi yoonanso, imadula 20 peresenti pa ntchito iliyonse ndipo ndalama za munthu watsopano zimadikira masiku 14 zisanatuluke. Tsegulani maakaunti, ikanipo kuti mumalemba za ulimi ndi chakudya mu Africa, koma musaike mtima wonse pamenepo. Utambwali weniweni uli kwa anthu amene amakuuzani kuti mulipire kaye ndalama yolembetsa, kapena akukokerani ku Telegram, kapena akugulitsani akaunti ya munthu wa ku America kuti muzioneka ngati muli kunja, imeneyo ikatsekedwa imapita ndi ndalama zanu zonse. Mudzakumananso ndi oti muzilembera ana asukulu a kunja ma assignment, ine ndikuti musayambe, ku England anachita kuletsa bizinesi imeneyi mwalamulo mu 2022, komanso mutha kulemba zaka zisanu popanda nkhani ngakhale imodzi yokhala ndi dzina lanu.

Pa nkhani ya malipiro, Upwork ndi Fiverr onse amalola kulandirira ku Payoneer, kampani yotumizira ndalama pa intaneti, manyuzipepala akunja ambiri amatumiza ku banki mukawapatsa invoice, kalata yonena ndalama zimene akuyenera kukulipirani, pomwe makasitomala akuno ndi Airtel Money, Mpamba kapena banki. Funsani njira yolipirira ndi tsiku lake ntchito isanayambe, ndipo zikhale zolembedwa pa imelo osati pa foni pokha. Wakunja muzimutchulira mtengo m'madola, mukukumbuka mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anagwirizana mtengo wa chaka chonse m'makwacha analira. Ine pamene ndinkayamba ndinalembera kampani ina nkhani zisanu ndi imodzi pongokhulupirira mawu a pakamwa, ataziika pa webusaiti yawo foni anasiya kuyankha, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa bandulo yake ndinachita kukongola. Kuchokera pamenepo kasitomala watsopano amene si nyuzipepala yodziwika amayamba wapereka theka. Ndalama zikayamba kulowa katengeni TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ku MRA, mabungwe akuluakulu amaifunsa asanakulipireni.

Laputopu ndi yofunika koma isakuchedwetseni, nkhani zitatu zoyambazo mutha kulemba pa foni mu Google Docs, imalola kulemba ngakhale netiweki palibe. Chimene muyenera kusamala ndi magetsi, mkonzi ali ku Nairobi kapena London sawerengera zoti kwanu anazima, ndiye akati Lachisanu inu muziona ngati wanena Lachitatu, ndipo pawabanki ikhale yodzaza nthawi zonse. Uphunzitsiwo musausiye panopa, miyezi yoyamba kumakhala gwa, mwina mwezi wina mwapeza bwino wotsatira osapeza olo kobiri, ndipo munthu amene lendi yamupanikiza amavomera mtengo uliwonse. Muzilemba madzulo ndi Loweruka mpaka mutapeza makasitomala awiri kapena atatu amene akubwerera okha.

Ndiye sabata ino sankhani mudzi umodzi wapafupi, kachezeni ndi alimi, lembani nkhani yoyambayo. Mukamaliza nditumizireni pa imelo yomweyi pamodzi ndi pitch yake, ndiziwerenga ndipo ndikuuzani pamene pakufunika kukonza musanatumize kwa mkonzi.