Ndidamunamiza za komwe ndimakhala

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 23 ndipo ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Tsoka ku Lilongwe. Patha miyezi iwiri ndili pachibwenzi ndi mnyamata wina yemwe ndi mphunzitsi wa kusekondale. Tsiku loyamba adanditengera kumalo odyera, ndipo pamene ndimalimbana ndi foloko ndi mpeni, zomwe sindidazizolowere, ntchafu ya nkhuku idaterereka m'mbale n'kugwera pansi. Iye adangomwetulira, koma ine njala idathera pomwepo. Atandifunsa komwe ndimakhala, manyazi adandigwira ndipo ndidati ku Area 47, chonsecho kwathu ndi ku Mtandire, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri momwe ndimakhala ndi mayi ndi azing'ono anga. Mpaka lero akandiperekeza timatsanzikana pageti ya eni ake, iye akabwerera ine n'kumatsetsereka wapansi kupita kwathu. Ndimamukonda, koma mtima suli m'malo. Kodi ndithetse chibwenzichi asadadziwe?

Wodandaula, Lilongwe

Mwana wanga,

Za nkhukuyo usavutike nazo mtima. Mphunzitsi wakoyo nayenso adakula akudya nsima ndi manja, ndipo munthu amene adaona ntchafu ikugwa koma n'kupitiriza kukufuna miyezi iwiri yathunthu waonetsa kale kuti sadabwerere foloko. Mukadzapitanso kokadya, udzapemphe madzi osamba m'manja n'kudya momasuka.

Chimene chandikhudza ndi ulendo umene umayenda wekha madzulo kuchokera pageti ya eni ake. Ndikumvetsa chimene chidakuchititsa, pakuti Mtandire ndi Area 47 ndi oyandikana, ndipo mwana amene wakula akuyang'ana mipanda ya njerwa ya tsidya linalo amatha kuyamba kudziona ngati woperewera. Koma iwe umadzuka m'mamawa kukasankha zovala pabelo, umathandiza mayi ako kulipira lendi, ndipo pa zonsezi sindikuonapo chochititsa manyazi ngakhale chimodzi. Chokhacho choyenera kukonza ndi bodza, chifukwa chibwenzi cholinga kubanja chimathera pakhomo pa makolo, ndipo tsiku limene amalume ake adzafune kukumana ndi akwanu sudzawalozera geti ya munthu wosamudziwa. Komanso Lilongwe si wamkulu monga ukuganizira; wakabaza mmodzi wokudziwa akhoza kukuitana ndi dzina muli limodzi, nkhani n'kuululika mwanjira yopweteka.

Usathetse chibwenzi, ndipo usazengereze, poti Zengerezu adalinda kwaukwau. Umuuze sabata yomwe ino, osati pa WhatsApp koma maso ndi maso, pamalo pamene mungakhale pansi popanda wokusokonezani. Mawu ake asachuluke: “Ndidakunamizani za kwathu chifukwa ndinkaopa kuti mundinyoza. Ndimakhala ku Mtandire ndi mayi anga, ndipo ndikupepesa.” Ukatero ukhale chete, umpatse mpata woti alankhule.

Mwina adzakhumudwa, ndipo apa uyenera kumvetsera bwino chimene chamukhumudwitsa. Ngati ndi bodzalo, ali ndi chifukwa, choncho umulole masiku angapo kuti mtima utsike, osamupanikiza ndi mafoni. Koma ngati akunyansidwa ndi Mtandire weniweniyo, ndiye kuti akadadzanyozanso mayi ako ndi abale ako, ndipo ine sindingakulangize kuti umukakamire. Akakumvetsa, uyambe wawauza mayi kuti kukubwera mlendo, kenako umuitane Lamulungu masana adzawapatse moni.

Azakhali