Funsani Mkulu wa Mafizo: Kodi ndingalembe "osteopath" pakhadi langa?

FUNSO

Zikomo bambo. Ine ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Leicester kuno ku UK. Kumudzi ndinaphunzira za mafizo mpaka kutenga digiri, ndipo ndinagwirako ntchito pachipatala china cha boma ndisanabwere. Panopa ndimasamalira okalamba. Loweruka anzanga a kutchalitchi ndi a kuntchito amabwera kunyumba kuti ndiwaone msana, khosi kapena bondo, ndipo amandipatsa kangachepe. Mnzanga wina akuti ndisindikize makhadi ndi kulengeza pa Facebook kuti ndine osteopath, katswiri wothandiza odwala msana ndi mafupa pogwiritsa ntchito manja, chifukwa anthu kuno amalipira bwino akamva dzina limeneli, komanso akuti ntchito yake ndi yomweyi ndimachitayi. Kodi pali vuto? Ngati pakufunika pepala, ndikalitenge kuti?

Mayi wa ku Leicester

YANKHO

Mayi, makhadiwo musasindikize, ndipo ngati mwalemba kale pa Facebook, fufutani lero lomwe. Mnzanuyo akukufunirani zabwino, koma njira akukulozeraniyo ikathera kukhoti.

Ku UK kuli lamulo la Osteopaths Act 1993, limene linakhazikitsa bungwe la General Osteopathic Council, mwachidule GOsC, lomwe ofesi yake ili ku London. Bungweli ndilo limasunga kaundula wa ma osteopath onse a dzikolo, omwe ndi oposa 5,000. Kuyambira mu 2000, kudzitchula osteopath dzina lako lisali m'kaundulamo ndi mlandu, malinga ndi gawo 32 la lamuloli. Amene analemba lamulolo ankadziwa kuti anthu ndi ochenjera, choncho anatsekeratu ndi tinjira tam'mbali. Kaya mulembe "osteopathic practitioner", kaya "osteotherapist", kaya musalembe poyera koma mupangitse anthu kuganiza kuti ndinu osteopath, mlandu wake ndi womwewo. A GOsC amatengeradi anthu kukhoti, ndipo wopezeka wolakwa amalipira chindapusa. Kaundulayo ali pa intaneti, aliyense angalembe dzina lanu n'kuona ngati mulimo. Osteopath wa m'dera lanulo akangoona khadi lanu pasitolo, kufufuza kwake ndi kwa mphindi imodzi.

Chindapusacho si chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri. Inu ntchito yanu ndi yosamalira okalamba, ndipo mukudziwa kuti abwana amafufuza mbiri ya wantchito ku DBS, bungwe la boma lofufuza ngati munthu anapalamulapo mlandu. Tsiku limene mudzapemphe kulowa m'kaundula wina aliyense wa zaumoyo, adzakufunsani ngati munapezekapo wolakwa kukhoti. Khadi la mapaundi ochepa lingakutsekereni zitseko zimene munavutikira zaka zambiri kusukulu.

Pa mfundo yoti ntchito ndi yofanana, mnzanuyo sananame kwenikweni. Osteopath amagwira wodwala ndi manja, amatikita minofu, amasuntha ndi kuwongola molumikizira mafupa, amapereka masewera olimbitsa thupi. Odwala ake ambiri ndi a msana ndi khosi, ngati athu omwe. Ndagwirapo ntchito moyandikana nawo, ndipo nthawi zina munthu wongoonerera sangasiyanitse chimene akuchita iye ndi chimene ndikuchita ine. Kuyambira mu 2017, NHS ya ku England, nthambi yoyendetsa zipatala za boma, imawawerengera m'gulu limodzi ndi a mafizo. Koma lamulo silifunsa zimene manja anu amatha. Limafunsa ngati dzina lanu lili m'buku, ndipo polowera m'bukumo ndi popapatiza.

Chofunika choyamba ndi digiri ya osteopathy yochokera kusukulu imene GOsC inaivomereza. Maphunziro ake nthawi zambiri ndi a zaka zinayi kwa wophunzira tsiku lililonse, ndipo amatalikirapo kwa wophunzira akugwira ntchito. M'kati mwa zakazo wophunzira ayenera kukwanitsa maola osachepera 1,000 akuona odwala enieni pamaso pa aphunzitsi. Sukulu yakale kwambiri ku UK ndi imene anayambitsa John Martin Littlejohn ku London mu 1917, British School of Osteopathy, yomwe inadzasintha dzina kukhala University College of Osteopathy ndipo tsopano ili pansi pa Health Sciences University. Ku Swansea University ku Wales nakonso amaphunzitsa. Sukulu zina zakhala zikufupikitsa maphunzirowa kwa amene ali kale ndi digiri ya mafizo kapena ya udokotala, ndiye ngati mtima wanu ulidi pa osteopathy, yambani mwafunsa zimenezo. Koma konzekerani fizi, makamaka ngati akuwerengerani monga wophunzira wochokera kunja.

Digiri ikapezeka, ulendo sunathe. A GOsC amafuna umboni wa khalidwe labwino kuchokera kwa munthu wodalirika amene amakudziwani, umboni woti thanzi lanu silingaike odwala pangozi, kafukufuku wa DBS, ndi inshuwalansi yoti ikhoza kulipira mpaka mapaundi 5 miliyoni ngati mwavulaza wodwala. Pali ndalama yolipira chaka chilichonse, imene kwa zaka zambiri yakhala £570 kwa amene akhazikika, yotsikirapo m'zaka ziwiri zoyamba. Kulembetsako kumachitika mwatsopano chaka ndi chaka. Pa zaka zitatu zilizonse osteopath ayenera kuonetsa kuti waphunzira maola 90 owonjezera, theka lake pamodzi ndi anzake, ndipo pomaliza amakhala pansi ndi mnzake wa ntchito kuti aunike mmene akugwirira. Apa ndimawayamikira. Munthu wogwira ntchito yekha m'kachipinda kake, monga amachitira ambiri a iwo, sachedwa kuzolowera zolakwika zake n'kumaziyesa luso.

Mwina mumva kuti pali njira ya anthu ophunzira kunja kwa UK. Ilipodi. Amayamba aunika maphunziro ako, kenako umalemba mwatsatanetsatane za odwala amene unawathandiza, pomaliza amakuyesa ukuona odwala enieni oyesawo akuyang'ana, ndipo amafunanso umboni wa Chingerezi. Koma njirayi ndi ya munthu amene anaphunzira osteopathy kudziko lina, monga Australia kapena France. Digiri ya mafizo siilowa pakhomo limeneli.

Tsono malangizo anga ndi awa. Inu muli kale ndi ntchito yanu imene munaphunzira, bwanji osailondola imeneyo? A mafizo ku UK amalembetsa ku Health and Care Professions Council, HCPC, ndipo bungweli lili ndi njira ya ophunzira kunja. Mumatumiza digiri yanu, tsatanetsatane wa zonse munaphunzira wotsimikizidwa ndi sukulu yanu, umboni wa kumene munagwira ntchito, ndi umboni woti munalembetsa ku Medical Council of Malawi popanda mlandu. Pa Chingerezi, amene amagwiritsa ntchito mayeso a IELTS amafunika 7.0, popanda gawo lotsika kuposa 6.5. Chimene chimachedwetsa anthu akwathu kawirikawiri ndi mapepala ochokera kumudzi, ndiye pezani m'bale wakhama woti azikafika yekha kuofesi, osangodalira imelo. Ngati papita zaka musakugwira ntchito ya mafizo, yembekezerani kuti akufunsani mmene mwasungira luso lanu. Ndi ntchito, inde, koma ndi yaifupi ndi yotchipa kusiyana ndi kuyamba digiri ina. Ndipo mvetsetsani apa: maina a "physiotherapist" ndi "physical therapist" nawonso ndi otetezedwa ndi lamulo. Ngakhale digiri muli nayo m'sutikesi, simungawalembe pakhadi HCPC isanakulandireni.

Nanga alendo a Loweruka aja? Kutikita minofu pakokha kulibe kaundula wokakamiza wa dziko lonse ku UK, ngakhale makhonsolo ena amafuna chiphaso cha malo ochitirapo. Koma onani kaye ngati visa yanu imakulolani kuchita ganyu yotere, kumbukirani za msonkho, ndipo musagwire msana wa munthu n'kulandira ndalama mulibe inshuwalansi. Anzanu a kutchalitchi ndi abwino pamene achira. Tsiku limene wina adzadzuke mwendo utachita dzanzi, ubale umatha msanga.

Ndipo pali china chimene inu mukuchidziwa bwino kuposa ma osteopath ambiri a ku Leicester. Pakati pa anthu akwathu, kupweteka kwa msana nthawi zina ndi TB ya m'mafupa. Ndinaonapo kuchipatala kumudzi anthu amene anathowedwa ndi kutikitidwa kwa miyezi, pofika kwa ife miyendo italeka kale kugwira ntchito. Munthu amene msana ukumupweteka ngakhale atagona usiku, akuonda, akutuluka thukuta usiku, ameneyo si wowongola msana, ndi wotumiza kwa dokotala. Amene akulephera kukodza kapena kudzigwira, kapena wachita dzanzi pakati pa miyendo, apite kuchipatala cha odwala mwadzidzidzi tsiku lomwelo. Kaundula wa GOsC uja anamukhazikitsa chifukwa cha zinthu ngati zimenezi: kuti wogwira msana wa munthu akhale woti anayesedwa pa kuzindikira zoopsa, ndiponso kuti akalakwitsa, wodwala akhale ndi kokadandaula, komwe angathe kumuchenjeza, kumuimitsa kapena kumuchotsa m'buku.

FUNSO

Bambo, mwana wanga wamkazi wamaliza sekondale kuno ku Johannesburg. Wapeza pa intaneti sukulu imene ikuti pa miyezi isanu ndi umodzi, akuphunzira pa kompyuta, imupatsa dipuloma ya osteopathy, ndipo akuti akhala dokotala ngati a ku America. Ndilipire?

Bambo wa ku Johannesburg

YANKHO

Achimwene, ndalamazo zisungeni. Ntchito ya manja siiphunziridwa pa kompyuta yokha. Ndanena pamwambapa kuti ku UK amafuna maola 1,000 ndi odwala enieni, ndiye werengani nokha ngati angakwane m'miyezi isanu ndi umodzi munthu ali m'chipinda chake.

Za udokotala wa ku America, pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu, ndipo otsatsa malonda amapezerapo mwayi. Osteopathy inayambira ku America komweko ndi Andrew Taylor Still mu 1874, ndipo sukulu yake yoyamba anaitsegula ku Kirksville m'chigawo cha Missouri mu 1892. Koma m'kupita kwa zaka, sukulu za kumeneko zinasanduka sukulu za udokotala zenizeni. Lero munthu wa digiri ya DO (Doctor of Osteopathic Medicine) ku America ndi dokotala wathunthu, amalemba mankhwala, amachita opaleshoni, ndipo amaphunzira zaka zinayi atamaliza kale digiri yoyamba, kenako zaka zina zingapo m'chipatala. Osteopath wa ku UK, Australia kapena South Africa si dokotala wotero, ntchito yake ndi ya manja. Dipuloma ya pa intanetiyo siipereka chilichonse mwa ziwirizi.

Kumene muliko, ma osteopath amalembetsa ku Allied Health Professions Council of South Africa, bungwe logwira ntchito pansi pa lamulo nambala 63 la 1982, lomwenso limayang'anira akatswiri ena a chithandizo monga ma chiropractor ndi ma homeopath. Musanalipire sukulu iliyonse, alembereni kalata, mutchule dzina la sukuluyo ndi la maphunzirowo, muwafunse ngati womaliza angalowe m'kaundula wawo. Yankho lake likhale lolembedwa. Mawu oti "accredited" pa tsamba la sukulu asakukomereni m'maso musanafunse kuti wavomereza ndani, chifukwa sukulu zina zimavomerezedwa ndi timabungwe tomwe zinadzipangira zokha. Ngati maganizo ndi oti adzagwire ntchito kumudzi, funso lomwelo lipite ku Medical Council of Malawi ku Lilongwe.

Ngati mtsikanayo chimene akufuna ndi kuthandiza anthu a msana, a sitiroko ndi ovulala pangozi, muuzeni ayang'ane digiri ya mafizo. Ndi ya zaka zinayi ku University of the Witwatersrand mumzinda mwanu momwemo, ndipo womaliza amalembetsa ku Health Professions Council of South Africa. Kumudzi amaphunzitsa ku Kamuzu University of Health Sciences. Malo ndi ochepa ndipo amayang'ana kwambiri masamu ndi sayansi, choncho ngati sanakhoze bwino maphunziro amenewa, ndalama mumafuna kulipirazo zithandize kuti alembenso mayeso.