Musanagule tikiti ya madala a rock, dziwani kuti sho itha kufa muli kale m'bwalo

Achimwene, mwafunsa ngati n'koyenera kulipira mapaundi 180 pa tikiti yokaonera gulu la rock la madala kutali ndi kwanu. Zoti madala opitirira zaka 75 akadali ndi mawu kapena ayi, musataye nazo tulo. Mawu amawakonzera. Chimene chimaliritsa anthu ndi sho kulephereka ndalama zitapita kale, ndipo kwa magulu a msinkhu umenewu si zachilendo ayi. Ena akukuuzani kuti ingogulani basi, koma palibe wakuuzani kuti mapaundi 180 a tikiti mwatchulawo ndi kachigawo chabe ka zimene mungataye, makamaka poti mukufuna kukaonera kutali.

Kumbukirani za pa 13 June 2022 ku Amsterdam. Rolling Stones amayenera kuimba ku Johan Cruijff ArenA. Mageti anali atatsegulidwa, anthu ayamba kale kulowa, ndiye kumveka chilengezo choti woimba wawo Mick Jagger, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka 78, wayamba kumva m'thupi atafika pabwalopo ndipo wapezeka ndi Covid. Sho palibe.

Zikatere, kulikonse zimayenda mofanana. Mwaima pamzere kuyambira masana kuti mupeze malo akutsogolo, mapazi atupa, m'manja muli mowa umene mwagula pa mtengo wa chakudya cha tsiku lonse, paphewa pali malaya a bandi amene mwangogula kumene pageti. Pa siteji zonse zili m'malo, ng'oma zamangidwa, magitala aimikidwa, magetsi akuyaka. Anthu amayamba angoti kakasi, kuganiza kuti mwina sanamve bwino, kenako aliyense amatulutsa foni nthawi imodzi ndipo netiweki imafa. Simungaimbire kuhotela, simungasinthe ndege, ndi imelo yomwe sitseguka. Anyamata a pageti sadziwa kalikonse, ntchito yawo ndi kukulozerani potulukira basi. Mumatuluka ndi chinamtindi cha anthu kulowera ku siteshoni, kumene sitima zowonjezera anazikonzera za usiku sho ikatha, osati za madzulo ano, ndiye mumaima maola ena pa pulatifomu mutapanikizana ndi anthu okwiya. Mukafika kuchipinda chimene mwalipira kale, imelo ija imalowa, mizere itatu yokha, kukuuzani kuti sungani tikiti yanu.

Ya ku Amsterdam ija anaisunthira pa 7 July, Lachinayi, ndipo ya ku Bern ku Switzerland imene imatsatira inafafanizidwa kotheratu. Kwa munthu wa mashifiti amene anapempha tchuthi miyezi itatu m'mbuyo, Lachinayi la mwezi wina ndi kumuuza kuti iwalako. Ndipo kwa ife a pasipoti ya Malawi kapena Zambia okhala kuno ku UK, kuwoloka kupita ku Netherlands kapena Germany kumafuna visa ya Schengen, imene pano ndi 90 euro osawerengera za ofesi yolandira mafomu, komanso koyamba amakonda kukupatsani masiku a ulendo munalembawo basi. Tsiku likasuntha muyambirenso.

Woimba sindimuimba mlandu, matenda sasankha. Amene amandipsetsa mtima ndi okonza masho ndi ogulitsa matikiti. Sho ikafafanizidwa amayenera kubweza ndalama, ndiye amachita zotheka kuti ingosunthidwa, ndalama zanu zikhalebe kwa iwo, ngati kondakitala amene watolera kale ndalama minibasi isanadzadze n'kumakuuzani kuti tinyamuka pompano. Tsiku latsopano akalengeza, amatsegula kanthawi kochepa kopemphera kubwezeredwa, nthawi zina masiku 30 kapena kuchepera, ndipo uthengawo umabisala m'munsi mwa imelo imene imaoneka ngati yotsatsa malonda. Kakadutsa kanthawiko, mwavomereza tsiku latsopano, kaya simungathe kupita. Pobwezapo ena amabweza mtengo wolembedwa pa tikiti wokha, kandalama ka booking ndi kotumizira kaja amadya. Za hotela, sitima, ndege, visa, olera ana, tsiku la ntchito mwataya, zimenezo amakuuzani mosachita manyazi kuti sizikuwakhudza. Onani za Aerosmith: ulendo wawo wotsanzikana unayamba mu September 2023, anaimba masho atatu okha, woimba wawo Steven Tyler anavulala kholingo, masiku anasunthidwa, kenako mu August 2024 gululo linalengeza kuti lasiya kuyendayenda. Amene anasunga matikiti anadikira pafupifupi chaka chathunthu kuti adzamve zoti palibe.

Koma oipitsitsa ndi madobadoba a pa intaneti. Mukalemba dzina la bandi pa Google, mawebusayiti oyamba pamwamba nthawi zambiri ndi otsatsa olipira, si ogulitsa enieni. Amakuikirani koloko yowerenga mphindi kuti muchite phuma, mtengo kawiri kapena katatu, ndipo ena amagulitsa tikiti imene iwo eni sanaigwire m'manja. Sho ikasunthidwa amakuuzani kuti tikiti ikugwirabe ntchito, ndiye palibe chobweza. Ikafafanizidwa, okonza sho amabweza ndalama ku khadi ya amene anagula poyamba, osati kwa inu, ndipo mumayamba kuthamangitsa munthu amene simukumudziwa ndi dzina lomwe. Masho ena amafuna chitupa chofanana ndi dzina la pa tikiti, mukhoza kubwezedwa pageti sho ilipo. Awa ndi akathyali, musawapatse ngakhale paundi imodzi.

Ndiye gulani chonchi. Lowani pa webusayiti ya bandi yeniyeniyo kapena ya bwalolo, mutsatire linki ya matikiti kuchokera pamenepo. Kuno ku UK onani ngati wogulitsayo ndi membala wa STAR, bungwe la ogulitsa matikiti limene limamva madandaulo. Akatha, pitani ku Twickets kumene anthu amagulitsana osapitirira mtengo umene anagulira. Lipirani ndi credit card, chifukwa Section 75 ya lamulo la Consumer Credit Act imapangitsa banki kukhala ndi udindo pa chinthu chopitirira mapaundi 100 mpaka 30,000. Koma tikiti imodzi payokha ipitirire 100, matikiti awiri a 60 sawaphatikiza, ndipo mukadzera kwa dobadoba banki ikhoza kukana. Debit card ili ndi chargeback, njira yopempha banki kuti ikubwezereni ndalama, koma kumeneko nthawi ndi yochepa, kawirikawiri masiku 120. Kainshuwalansi kamene amakuikirani polipira muwerenge kaye: nthawi zambiri kamagwira ntchito mukadwala inuyo, osati akadwala woimba. Hotela tengani yololeza kusintha mpaka tsiku lomaliza ngakhale ikwere ndi mapaundi 15 kapena 20. Tikiti ya sitima ya Advance ndi yotchipa koma sabweza ndalama, amangolola kusintha nthawi sitima isananyamuke.

Tsopano za mawu. Nyimbo zambiri amazitsitsa ndi theka la toni kapena toni yonse kuti mdala afikire, ndiye musadabwe ikamveka yolemera kusiyana ndi ya pa kaseti. Pambali pamakhala oimba othandizira awiri kapena atatu amene amanyamula malo okwera, kolasi amapatsira inu omvera kuti muimbe, ndipo pakati pa sho woimba gitala kapena kiyibodi amapatsidwa mphindi zingapo yekha kuti mwini mawu akapume kumbuyo. Ine zimenezi sindiziona ngati chinyengo, ndi nzeru za munthu wodziwa thupi lake. Phil Collins anaimba ulendo womaliza wa Genesis atakhala pampando, mwana wake Nic ali pa ng'oma, mpaka sho yomaliza ku bwalo la O2 ku London mu March 2022, ndipo aliyense amadziwa zimenezo asanagule. Kuti mudziwe zimene mukagule, onerani mavidiyo ojambulidwa pa foni ndi anthu wamba m'miyezi itatu yapitayi, osati a bandi eni ake chifukwa amenewo amawakonza mu situdiyo. Pa setlist.fm muona nyimbo zimene akuimba usiku uliwonse ndi kuchuluka kwake. Mukaona chiwerengero chikutsika sabata ndi sabata, kapena nyimbo yovuta ija yachotsedwa, dziwani kuti mmero wayamba kutopa. Sankhani tsiku limene dzulo lake apuma, musatenge usiku wachiwiri wotsatizana m'bwalo limodzi.

Chimene chingakugwiritseni fuwa lamoto kuposa mawu ndi anthu amene ali pa siteji. Dzina limakhala lomwelo, anthu ake ena. Foreigner yakhala ikuimba masho ambiri popanda ngakhale mmodzi wa oyambitsa, poti woyambitsa wake Mick Jones akudwala matenda a Parkinson's. Lynyrd Skynyrd inataya woyambitsa wake womaliza, Gary Rossington, mu March 2023 koma ikuyendabe. Ku Deep Purple wa pachiyambi amene watsala ndi Ian Paice wa ng'oma, ngakhale Ian Gillan ndi Roger Glover ndi a m'nthawi imene gululo linatchuka, ndipo gitala akuimba Simon McBride kuyambira 2022. Rolling Stones ng'oma akuimba Steve Jordan chimwalirire Charlie Watts mu August 2021. Mu 2016 amene anagula matikiti a AC/DC kuti akamve Brian Johnson anakapeza Axl Rose, madokotala atamuletsa Johnson kuti angagonthe kotheratu. Tikiti imalemba dzina la gulu, ndiye mmodzi akasintha nthawi zambiri simungakakamize kubwezeredwa. Fufuzani mayina musanalipire, ndipo dzifunseni kuti mukufuna kukaona ndani kwenikweni. Ndipo akati ulendo wotsanzikana musanjenjemere nazo: The Who anatsanzika mu 1982 n'kudzabweranso, Kiss anatsanzika mu 2000 koma anadzachitanso ulendo wina wotsanzikana umene unatha mu December 2023.

Thupi lanunso si la zaka 25. Malo oimirira akutanthauza maola asanu kapena asanu ndi limodzi pa simenti, kuchimbudzi kuli mzere, mukachoka malo anu apita. Ngati mawondo kapena msana zimavuta, gulani mpando wa m'mbali, m'munsi, wopenya siteji chopingasa pang'ono. Mipando ya pamwamba penipeni, monga Level 4 ku O2, ndi yotsetsereka kwambiri, wa chizungulire asayerekeze. Kumbuyo kwenikweni kwa sitediyamu phokoso limafika mochedwa, pa mamita 100 limachedwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, ndiye milomo ya pa sikirini ndi mawu sizigwirizana, kuphatikizapo kubwerera kwa phokoso kuchokera kudenga. Ngati mwasankha kuima, imani pafupi ndi kamsasa ka wosakaniza mawu pakati pa bwalo, chifukwa zonse amazitchera malinga ndi mmene iye akumvera pamenepo.

Makutu musachite nawo masewera. Phokoso la 85 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) khutu limapirira maola 8, ndipo likakwera ndi 3 dB nthawiyo imadulidwa pakati, moti pa 100 dB, pamene masho a rock amafika mosavuta, ndi mphindi 15 zokha. Sho ndi maola awiri. Gulani zotsekera m'makutu za oimba, zokhala ndi kasefa, zotsitsa 15 mpaka 20 dB. Zasiponji zachikasu zija zimateteza koma zimapha gitala, mumangomva bezi. Kulira kwa m'makutu kukayamba pa msinkhu wathuwu nthawi zina sikuchokanso.

Fikani msanga chifukwa madalawa amayamba pa nthawi yake ndipo mabwalo ali ndi ola lotsekera limene saseweretsa. Ku Hyde Park ku London mu July 2012 anazimitsa maikolofoni Bruce Springsteen ali pa siteji ndi Paul McCartney, nthawi itakwana. Onani sitima yomaliza yobwerera kwanu musanagule tikiti, osati mutatuluka, ndipo muwonjezerepo mphindi 45 zotulukira m'khamu. Chikwama ku Wembley ndi ku O2 chisapose pepala la A4. Matikiti ambiri pano ndi a mu app, kachizindikiro kake kamasinthasintha, ndiye chithunzi cha sikirini sichigwira. Tsegulani tikiti muli kunyumba, foni ikhale yodzadza, kabatire kapadera m'thumba.

Ngati mukufuna rock ya m'ma 1970 popanda chipwirikiti chonsechi, yang'anirani WITCH, gulu la Zamrock la ku Zambia. Woimba wawo Emmanuel Chanda, amene dzina lake la Jagari linachokera kwa Jagger yemweyo, wadutsa zaka 70 koma akuyendabe ku Ulaya ndi ku America, ndipo anatulutsa chimbale cha Zango mu 2023. Amaimba m'maholo ang'onoang'ono, mtengo wake wofikirika, mumamuona thukuta pamphumi.

Komabe achimwene, ngati ili ndi gulu limene munakula nalo, musadikire chaka chamawa. Black Sabbath anaimba sho yawo yomaliza ku Villa Park mu Birmingham pa 5 July 2025, woimba wawo Ozzy Osbourne atakhala pampando chifukwa miyendo inali itakana, ndipo pa 22 July anamwalira. Gulani lero, ngakhale ikhale ya kutali, ngakhale mpando wotsala ukhale wa pamwamba paja ndakuletsanipo. Kungoti ikapezeka ya mumzinda umene mungabwerere kunyumba usiku womwewo, tengani imeneyo, ndipo akangolengeza kuti tsiku lasuntha, tumizani pempho la ndalama zanu sabata yomweyo ngati tsiku latsopanolo simulikwanitsa.