Agogo anu sanagwire mfuti, koma nkhondo ya Chiwaya inayenda pamutu pawo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Ntcheu amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Ndifupikitsa zimene alemba. Akuti agogo awo aamuna, obereka bambo awo, ankakonda kusimba kuti anapita ku nkhondo ya Ajeremani ndipo anayenda wapansi mpaka ku Songea. Chaka chatha atabwera kumudzi patchuthi, bambowa anakwera minibasi kupita ku Zomba, nakaima pa chipilala cha KAR chija kuwerenga mayina limodzilimodzi mpaka khosi kuwawa, dzina la agogo osalipeza. Atabwerera n'kufunsa azakhali awo, anangowayankha kuti, "Aja sanali asilikali, anali a tengatenga." Ndiye funso lawo n'lakuti: a tengatenga anali gulu lanji, ankachita chiyani ku nkhondoko, nanga agogo ankangokometsa nkhani?

Bambo, tiyambe ndi chipilalacho. Mayina ali pamenepo ndi a asilikali a King's African Rifles (KAR) amene anafera ku nkhondo. Agogo anu anabwerako amoyo, n'chifukwa chake inu mulipo, choncho ngakhale akanakhala msilikali simukanawapeza. Koma azakhali anu akunena zoona, ndipo agogo anu sankanama. Pa nkhondo imene ija munthu ankatha kuyenda mpaka ku Songea, kumva zipolopolo zikulira pamutu, kukwirira anzake m'njira, koma osagwirako mfuti ngakhale tsiku limodzi. Anthu otere ndiwo anali ochuluka kwambiri.

Nkhondo yake ndi yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu ankaitchula kuti ya Chiwaya, kutengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosapumira. Nthawi imeneyo Tanzania ya kumtunda inali m'manja mwa Ajeremani, ndipo ife tinali nawo malire kumpoto, pa mtsinje wa Songwe ndi panyanja. Ndiye moto sunachedwe kutipeza. Pa 13 August 1914 sitima ya boma la Nyasaland, Guendolen, inakawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, kumene lero amati Liuli. Pa 9 September chaka chomwecho kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, Ajeremani n'kubwezedwa. Mkulu wa asilikali awo, Paul von Lettow-Vorbeck, ankadziwa kuti sangagonjetse Angerezi. Cholinga chake chinali choti aziwathamangitsa m'tchire zaka ndi zaka, awononge anthu ndi chuma chimene chikanapita ku Ulaya. Zinamuyendera.

Apa ndi pamene pakubwera gulu limene mukufunsali. Asilikali amadya, mfuti zimadya zipolopolo, odwala amafuna mankhwala. Ku Ulaya zonsezi zinkayenda pa njanji, pa malole ndi pa akavalo. Kuno njanji zinali zowerengeka, misewu ikagwa mvula inkasanduka phala, ndipo akavalo, abulu ndi ng'ombe zokoka ngolo zinkangofa ndi kashembe. Jan Smuts wa ku South Africa, amene anapatsidwa ulamuliro wa asilikali a mbali ya Angerezi mu February 1916, anabwera ndi ziweto zikwizikwi ndipo zambiri zinathera m'njira. Chinatsala n'chiyani? Mutu wa munthu wakuda.

Ku Kenya, kumene panthawiyo ankati British East Africa, boma linakhazikitsa gulu la onyamula katundu lotchedwa Carrier Corps nkhondo itangoyamba mu 1914, ndipo analipereka m'manja mwa mzungu wina wogwira ntchito m'boma, Oscar Watkins. Mu 1916 linasintha dzina kukhala Military Labour Bureau, kenako Military Labour Corps, koma anthu wamba anakakamira dzina loyamba lija, kungolipinda kuti ligwirizane ndi lilime lawo. Amalonda athu amene amakapikula katundu ku Dar es Salaam amaudziwa bwino msika wa Kariakoo. Dzinalo ndi Carrier Corps yomweyo, chifukwa pamalopo panali msasa wa onyamula katundu. Ku Nairobi kulinso dera lotchedwa Kariokor. Ndimati ndikaona mayi akutsika basi ku Mzuzu ndi zikwama za ku Kariakoo, wina n'kumuthandiza kusenza, ndimaseka ndekha, chifukwa dzinalo likugwirabe ntchito yake yakale.

Koma ndisakusokonezeni. Ambiri mwa anthu a kwathu kuno sanadutse m'maofesi a Watkins ku Kenya. Ankasonkhanitsidwa ndi boma la Nyasaland, bwanamkubwa ali George Smith, kuti akatumikire gulu la nkhondo la kum'mwera lotsogozedwa ndi Edward Northey, limene linkatchedwa Norforce. Gululi linalowa m'dziko la Ajeremani mu May 1916 kuchokera m'malire a Karonga ndi kumpoto kwa Northern Rhodesia (Zambia ya lero), n'kulanda Neu Langenburg, imene lero ndi Tukuyu, kenako Iringa ndi Songea. Mwaona Songea ya agogo anu ija? Ntchito inali yomweyo, mavuto omwewo, mabwana okha ndiwo anali osiyana.

Taonani njira imene thumba limodzi la mpunga linkayenda kuti likafike kwa msilikali wa Northey. Linkatsika m'sitima ya panyanja yamchere ku Chinde, kukwera maboti a mu Zambezi mpaka ku Chindio, kulowa m'sitima ya pamtunda kudzera ku Port Herald, Nsanje ya lero, mpaka ku Limbe. Kuchokera apo pamsewu kudzera ku Zomba mpaka ku Fort Johnston, Mangochi, mwina pa lole koma nthawi zambiri pamutu. Kenako m'sitima za panyanja yathu, kuphatikizapo Chauncy Maples ya amishoni a Anglican a UMCA imene boma linaitenga, mpaka ku madoko a kumpoto ndi a tsidya lija monga Mwaya, Wiedhafen ndi Mbamba Bay. Ndiye kutsogolo kwake kuli mapiri a Livingstone, aja amaoneka ngati khoma mukaima ku Karonga kapena ku Chilumba n'kuyang'ana kum'mawa. Kumeneko kunalibe lole. Kunali munthu, nkhata pamutu, ndi kanjira koterera.

Katundu wa munthu mmodzi ankalemera makilogalamu 25 kapena kuposerapo pang'ono. Wina anena kuti si zambiri, amayi athu amasenza zoposa pamenepo pochokera kuchigayo. Inde, koma kuchigayo ndi pafupi, ukafika umatula n'kumwa madzi. Ine ndinayesapo kusenza theka la thumba la chimanga kuchokera kumunda, mtunda wa ola limodzi, ndipo m'mawa mwake ndinkatembenuka thupi lonse ngati loboti pofuna kuyang'ana kumbali. Awa ankayenda makilomita 20 kapena kuposa tsiku lililonse, opanda nsapato, matekenya ali kumapazi, mvula ikuwathira, usiku kugona pa mapiri ozizira ndi kansalu kamodzi kapena kabulangete kothaitha.

Ndipo pali masamu ena oopsa amene amafotokoza chifukwa chake panafunika anthu ochuluka chonchi. Wonyamula nayenso amadya. Tiyerekeze kuti phoso lake ndi kilogalamu imodzi ya ufa patsiku, ndipo wasenza makilogalamu 25 a ufa womwewo. Ulendo ukakhala wa masiku 12 kupita ndi 12 kubwerera, ndiye kuti wadya yekha pafupifupi thumba lonse, msilikali kutsogolo kuja walandira kakilogalamu kamodzi. Choncho pamafunika onyamula ena osenzera chakudya onyamula anzawo, enanso osenzera amenewo. Lettow-Vorbeck akathawira patsogolo makilomita 100, mzere uja umatalika, boma n'kutumizanso amesenjala kumidzi kukatenga anthu ena. Mkulu wa asilikali akapanikizika, phoso loyamba kudulidwa linali la wonyamula.

Katengedwe kake ndi kamene kanasiya chilonda. Poyamba ena ankapita okha pofuna ndalama ya msonkho. Koma amene anabwerako ataonda ngati bango anasimba zimene anaona, ndipo anthu anayamba kukana. Apa boma linapanikiza mafumu: mudzi uliwonse upereke amuna mwakuti, mfumu yolephera ionana ndi bwana ku boma. Amesenjala ndi apolisi ankafika usiku kapena mbandakucha, kugwira amuna ali m'tulo, kuwamanga pachingwe. Ena ankathawira kumapiri, ena kutsidya kwa Apwitikizi, ena m'madera a Achewa ankabisala kudambwe ndi kumanda kumene mlendo sangalowe wamba. Anthu ankaitcha ntchitoyi thangata, mawu omwe aja a ntchito yokakamiza ya m'minda ya azungu, ndipo sankalakwitsa. Wotsalira m'njira kapena wogwetsa bokosi ankalawa chikoti cha kapitawo.

John Chilembwe anaziona zimenezi zisanafike n'pachimake pomwe. Mu November 1914, nkhondo ya ku Karonga itangochitika, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti amphawi a dziko lino, amene alibe kanthu, akuitanidwa kukafera nkhondo yosakhala yawo, ndipo anati olemera ndi eni minda ndi eni masitolo ndiwo apite akawomberedwe. Boma linaitsekereza kalatayo. Mu January 1915 anaukira, ndipo pa 3 February anaphedwa. Kusukulu tinaphunzitsidwa kwambiri za thangata la kwa Bruce ku Magomero, koma nkhondoyi inali nkhuni ina yaikulu pamoto umene uja. Ku Mozambique nakonso, kugwira anthu mokakamiza kunali chimodzi mwa zimene zinautsa a Barue kuukira Apwitikizi mu 1917.

Sikuti onse ankasenza ufa kumbuyo. Kunali ena oyenda ndi asilikali kutsogolo kwenikweni: onyamula mfuti ya chiwaya itamasulidwa zidutswazidutswa, onyamula mabokosi a zipolopolo, onyamula ovulala pa machila. Amenewa ankalowa pamene pakugwa zipolopolo ali chimanjamanja. Komabe chimene chinapha ambiri si mfuti. Ndi kamwazi, chibayo, malungo, nthomba ndi njala. Tangoganizani munthu wafika pamsasa dzuwa litalowa, nkhuni zanyowa, wapatsidwa ufa wogayidwa mwamgaiwa wokhala ndi mchenga, mwinanso wovunda, ayenera kuphika mwachangu m'chitini. Amadya phala losapsa, kumwera madzi a pachithaphwi pamene padutsa anthu mazanamazana. Pakatha masiku atatu m'mimba mwatseguka, ndipo mzere sudikira munthu.

Ziwerengero zake n'zochititsa nthumanzi. Mbali ya Angerezi inagwiritsa ntchito onyamula katundu pafupifupi 1 miliyoni kum'mawa kwa Africa, ndipo amene analembedwa kuti anafa ndi pafupifupi 95,000, osawerengera othawa amene anafera m'tchire kapena ofika kumudzi n'kumwalira patapita sabata. Ku Nyasaland kokha, dziko la anthu ongopitirira 1 miliyoni panthawiyo, kunachoka a tengatenga pafupifupi 200,000, pamene asilikali anali pafupifupi 19,000. Pa msilikali mmodzi, onyamula khumi. Melvin Page, amene anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970 kucheza ndi nkhalamba zimene zinaiona nkhondoyi, anasonkhanitsa zambiri mwa izi m'buku lake la The Chiwaya War. Ajeremani nawo sanali angelo, ankagwira anthu ndi kulanda nkhokwe paliponse pamene adutsa.

Kumapeto kwake ndingodutsapo mwachangu. Pa 25 November 1917 Lettow-Vorbeck anawoloka Rovuma kulowa ku Mozambique, asilikali a KAR ndi onyamula awo ali pambuyo pake chaka chathunthu, kudzera ku Namacurra ndi ku Lioma, mpaka anabwerera kumpoto n'kukalowa ku Northern Rhodesia. Ku Ulaya mfuti zinaleka pa 11 November 1918, iye uthenga unam'peza patapita masiku angapo pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi, ndipo anakatula zida ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 November, atatsala ndi azungu 155 ndi asilikali akuda osakwana 1,200. Kagulu kameneka ndi kamene kanakhuthula midzi yathu. Onyamula pobwerera kwawo anakumana ndi chimfine choopsa chija cha 1918, ena anachifikitsa okha kumudzi, kumene minda inali itagonera chifukwa chosowa amuna.

Chimene chimandiwawa ine ndi cha mayina. Mzungu aliyense amene anafa anafunidwa manda ake, mwala wake, dzina lake. Onyamula akuda anawaunjika pamodzi pa zipilala za ku Nairobi, Mombasa ndi Dar es Salaam, mawu okoma koma opanda dzina la munthu. Mu April 2021 bungwe loyang'anira manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo nduna ya zachitetezo ya ku Britain ya panthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Panali patapita zaka zoposa 100.

Mwafunsanso ngati pali kwina kumene mungafufuze. Yesani ku National Archives ku Zomba komweko, ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre, koma pitani mukudziwa kuti mukapeza zambiri zokhudza boma la Ntcheu ndi mafumu ake kusiyana ndi dzina la munthu mmodzi. Munyamule dzina lawo la ubwana, dzina la bambo awo, mfunda wawo ndi dzina la nyakwawa ya nthawiyo, chifukwa alembi ankalemba munthu mmene amvera. Koma musanawononge ndalama ya basi, imbirani azakhali aja. Afunseni kuti agogo anatengedwa mwezi wanji, chimanga chili pati, anapita ndi yani wa m'mudzimo, anakwerera sitima pati, ankasenza ufa kapena bokosi, anabwerako ndi chilonda chanji, ankaimba nyimbo yanji akaledzera. Mutsegule chojambulira mawu pafoni yanu, ndipo akayamba kulankhula musawadule.