Fodya ndi mankhwala a chithokomiro: yankho kwa mayi wa ku Kasungu

Mayi wina wa ku Kasungu wandilembera imelo sabata ino. Akuti mwana wawo amene akuphunzira masamu ku koleji wawauza kuti asayansi akuwerengera momwe zomera za mtundu wa fodya zingapangire mankhwala a chithokomiro. Ndiye akufunsa ziwiri: masamu alowapo bwanji, ndipo kodi fodya angathandize mng'ono wawo amene watupa khosi?

Mayi, tiyambe ndi mng'ono wanuyo. Khosi lotupa nthawi zambiri limabwera chifukwa chosowa ayodini m'thupi, n'chifukwa chake mchere wa m'sitolo amauthira ayodini. Mapiritsi a levothyroxine amene odwala chithokomiro ambiri amalandira si puloteni wonga amene zomerazo zingapange ayi, amapangidwa ndi makemikolo mufakitale. Apite kuchipatala akamuyeze magazi. Za fodyazo asayerekeze n'komwe.

Puloteni amene angakhale pankhani ya mwana wanuyi ndi wonga TSH, amene amauza chithokomiro kuti chigwire ntchito. Madokotala amabaya jakisoni wake, Thyrogen, kwa anthu amene anachotsedwa chithokomiro chifukwa cha khansa, pofufuza ngati patsala kanthu. Analoledwa ku America mu 1998, ndipo amapangidwa m'maselo a kanyama kotchedwa hamster, m'matanki okwera mtengo kwabasi. Apa mpamene ena anati, bwanji osayesa masamba?

Chomera chake si burley wathu wa ku okushoni. Ndi m'bale wake wa ku Australia, Nicotiana benthamiana. Amachizondotsa, masamba n'kumira m'madzi momwe muli bakiteriya wa Agrobacterium wonyamula jini yofunikayo, ndiye kuti malangizo opangira puloteniyo, kenako amakoka mpweya ndi makina. Akaubwezera, madzi aja amalowa m'tsamba, limaoneka lonyowa bii ngati lavumbwa. Pasanathe sabata tsamba lija layamba kupanga puloteni wa munthu. Mankhwala a Ebola a ZMapp, omwe anamveka mu 2014, ankapangidwa chonchi.

Tsono masamu. Taganizani ndowa yobooka pansi imene mwaitchera pampopi. Madzi olowa ndiye puloteni amene tsamba likupanga, odontha ndi amene tsamba lomwelo likuphwanya, pakuti lili ndi ma enzyme odula puloteni wachilendo. Masiku oyamba mpopi ndi wamphamvu, ndowa ikudzaza. Kenako tsamba limatopa, mpopi n'kuchepa mphamvu, koma bowo likadali pomwepo. Pali tsiku limene madzi amafika pamwamba penipeni asanayambe kutsika. Mukakolola lisanafike mwataya, mukachedwa mwatayanso. Mlimi wa fodya amadziwa tsamba lakupsa ndi maso, koma puloteni saoneka, ndiye amalemba ikweshoni: kusintha kwa puloteni patsiku ndi wopangidwa kuchotsapo wophwanyika. Amayeza masamba angapo, kupeza manambala a mpopi ndi a bowo, kompyuta n'kulosera zotsalazo. M'menemo amaikamonso kutentha, kuwala, msinkhu wa tsamba ndi kuchuluka kwa bakiteriya, m'malo mobzala mbewu mazanamazana kuyesa chimodzichimodzi.

Komatu ine pamene ndimakayikira ndi pena. TSH amakhala ndi tinthu ta shuga tomatirira pathupi pake, ndipo kumapeto kwake pamakhala shuga wina wotchedwa sialic acid. Zomera mwachibadwa siziika sialic acid, m'malo mwake zimaika shuga wa mitundu ina, xylose ndi fucose, mwa njira yawo. Popanda sialic acid, chiwindi chimamuchotsa TSH m'magazi msanga. Ndiye masamu atha kukuuzani kuti mwakolola wochuluka, koma wolowa m'thupi n'kutha asanagwire ntchito mokwanira. Gulu la asayansi a ku Vienna ku Austria linatulutsa mu 2008 benthamiana wosaika xylose ndi fucose ameneyo, koma kuwonjezera sialic acid kumafuna majini ena angapo pamwamba.

N'chifukwa chake mpaka pano palibe TSH wa m'zomera amene waloledwa kubaya odwala. Puloteni wina wa m'zomera amene anadutsa ndi Elelyso wa matenda obadwa nawo a Gaucher, wopangidwa m'maselo a karoti ku Israel ndi kuloledwa mu 2012, ndipo iyeyo mwayi wake unali woti safuna sialic acid.

Mwana wanuyo akabwera kutchuthi, mumufunse kuti mu ikweshoni yakeyo shuga uja wamuika pati.