Mafunso a masapota: timu ndi yathu, koma mawu athu sakumveka

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Zomba, ndipo onse akudandaula za kayendetsedwe ka matimu. Mayina a matimuwo tawasiya chifukwa eni ake sitinamve mbali yawo. Mayankho achokera kwa anzathu odziwa malamulo a mpira ndi kasungidwe ka mabuku a ndalama.

Funso: Zikomo akuluakulu. Ndachemerera timu ya m'dera lathu kwa zaka 11. Komiti yomwe ilipoyi tinaisankha kuti ikhale zaka ziwiri, koma chino n'chaka chachisanu, chisankho kulibe, lipoti la ndalama kulibenso. Tikafunsa amatiyankha kuti, "Inu mumaikapo zingati?" Pabwalo takuwa mpaka mawu kusasa. Tingawachotse bwanji? *Bambo wa ku Chinamwali*

Yankho: Bambo, funso akukuyankhani nalolo ndi lopweteka, koma nkhani yagona pomwepo. Musanaganize zochotsa munthu, dziwani kaye kuti papepala timuyo ndi ya yani.

Matimu ena ndi a mabungwe. Red Lions ndi ya asilikali a ku Cobbe Barracks, Blue Eagles ndi ya apolisi, Silver Strikers ndi ya Reserve Bank. Kumeneko atsogoleri amaikidwa ndi bungwe, ndipo sapota amangopereka maganizo kudzera ku komiti ya masapota. Ena ndi makampani, monga Bullets yomwe inapita m'manja mwa Nyasa Manufacturing Company, komanso Wanderers. Kumeneko voti ndi ya eni masheya. Yanuyo, popeza komiti munaisankha nokha, ikuoneka kuti ndi timu ya anthu, ndipo mphamvu zonse zili m'malamulo ake oyendetsera timu.

Pezani malamulowo. Yambani ndi mlembi wamkulu, ndipo mupemphe polemba kalata. Akakana, funsani kwa matrasti kapena ku bungwe lomwe limayendetsa ligi yanu. Ngati timu inalembetsedwa ngati trasti kapena kampani, mapepala ake amakhalanso ku ofesi ya Registrar General. Mukawapeza, werengani modekha mfundo zinayi: membala ndi ndani, komiti imakhala zaka zingati, msonkhano umayamba pakakhala anthu angati, komanso msonkhano wapadera umaitanidwa ndi mamembala angati, pa chidziwitso cha masiku angati. Ziwerengerozi zimasiyana timu ndi timu, choncho musatengere za timu ina.

Masapota ambiri amagwa pa mfundo yoyambayo. Amayenda ndi kope pabwalo, anthu 400 n'kusaina, koma komiti ikatsegula kaundula wa mamembala ipeza kuti olipira ndi 20 okha. Kalata yonse imafera pomwepo, ndipo mwalamulo komitiyo siilakwa kuikana. Ndiye lipirani kaye umembala, aliyense alandire risiti yokhala ndi nambala ndi tsiku. Onaninso ngati malamulo akuti membala watsopano adikire miyezi ingapo asanavote, chifukwa kachiganizo kameneka kamagwetsa zisankho zambiri.

Kalata yopempha msonkhano ikhale yaifupi, tsamba limodzi. Itchule ndime ya malamulo yomwe yaphwanyidwa ndipo ipemphe zinthu ziwiri zokha, lipoti la ndalama ndi chisankho. Pansi pake pakhale mayina, manambala a marisiti ndi siginecha. Musalembemo kuti uje ndi wakuba. Umboni mulibe, ndipo mawu amenewo akhoza kukubwererani ngati mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Kalatayo ikaperekedwe pamanja ndi anthu awiri, wolandira asaine pa kope lanu ndi kulemba tsiku. Makope ena apite kwa wapampando wa matrasti ndi ku bungwe la ligi. Tsiku la chisankho pemphani bungwe la ligi litumize woyendetsa chisankho wochokera kunja kwa timu. Mukangokumana pansi pa mtengo n'kusankhana nokha, timu idzakhala ndi makomiti awiri, ligi idzapitiriza kumvera yakale ija, ndipo ovutika adzakhala osewera.

Pali chinthu chimodzi chomwe masapota sakonda kuchimva. Nthawi zambiri wapampando amachita ngati mwini chifukwa minibasi ya ku Mangochi, chakudya cha osewera ndi ndalama za oyimbira zimatuluka m'thumba mwake. Mukamuchotsa Loweruka, Lamlungu lotsatira mafuta agula ndani? Pitani ku msonkhano ndi yankho m'manja. Tiyerekeze kuti muli mamembala 300 ndipo aliyense akusonkha K2,000 pamwezi: imeneyo ndi K600,000 yodziwika mwezi ndi mwezi. Muikenso lamulo loti ndalama iliyonse yochokera m'thumba mwa mtsogoleri ilembedwe tsiku lomwelo ngati mphatso kapena ngongole. Kupanda kutero, pochoka adzakutulutsirani ngongole ya mamiliyoni yomwe palibe angaitsutse. Ndipo popatsana maudindo musaiwale kusintha osainira ku banki, kulandira chidindo, makhadi a osewera ndi mawu achinsinsi olowera pa kaundula wa osewera wa pa intaneti.

Funso: Achimwene, bwalo limadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo, koma madzulo timamva kuti timu yatenga ndalama yosakwana ngakhale kugula mipira iwiri. Zimapita kuti ndalama za pageti? *Mchemwali wanu wa ku Matawale*

Yankho: Achemwali, gawo lina limachoka mwalamulo, lina limatayika m'njira. Tisiyanitse ziwirizi.

Ndalama yonse ikawerengedwa, amayamba achotsa zolipira tsikulo: apolisi, alonda a pabwalo, a chithandizo choyamba, osindikiza matikiti ndi ogulitsa matikiti. Zotsalazo ndi zomwe zimagawidwa. Kwa zaka zambiri mu Super League timu iliyonse inkatenga K25 pa K100 iliyonse, mwini bwalo K25, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM K10, bungwe loyendetsa ligiyo la SULOM K10, ndipo khonsolo ya zamasewero K5. Kagawidwe kamasintha, ndiponso chikho chilichonse ndi ligi iliyonse ili ndi kake, ndiye funsani malamulo a mpikisano wa chaka chino. Koma onani mmene ndalama imasungunukira. Anthu 1,200 atalipira K1,000 aliyense, pageti papezeka K1,200,000. Zolipira zikadya K400,000 patsala K800,000, ndipo timu yotenga gawo limodzi mwa magawo anayi ipita kwawo ndi K200,000. Apa palibe wabapo ngakhale tambala.

Tsono kutayikako. Khamu lomwe mumaliona si lonse lalipira. Pali olowa ulere chifukwa ndi odziwika, pali okwera mpanda, pali omwe amadikira kuti geti litsegulidwe chigawo chachiwiri. Chinyengo chofala ndi cha tikiti yosang'ambidwa: wapageti amailandira yathunthu, n'kuipatsira mnzake kuseri kwa mpanda, n'kugulitsidwanso katatu kapena kanayi. China n'chakuti munthu amapereka K500 m'manja mwa mlonda m'malo mwa K1,000 pa zenera. Tinene mosabisa, masapota enieni odandaulawo ndi omwenso amachita zimenezi.

Mankhwala ake si odula. Matikiti akhale ndi manambala otsatizana, ndipo mtundu wa pepala uzisintha masewero aliwonse. Geti lisanatsegulidwe, nthumwi za matimu onse awiri zilembe nambala yoyamba ndi yomaliza ya buku lililonse n'kusainira. Wogulitsa tikiti asakhale yemweyo woing'amba. Pakati pawo pakhale mtunda wa mamita angapo, ndipo chidutswa chong'ambidwa chiponyedwe m'bokosi lokhoma. Kumbuyo kwake kuime sapota wodalirika wowerenga olowa, aziika kamzere pa kope munthu aliyense akadutsa. Pamapeto ziwerengero zitatu zifanane: matikiti ogulitsidwa, zidutswa za m'bokosi ndi ndalama. Zikasiyana ndi anthu khumi kapena makumi awiri si nkhani, koma zikasiyana ndi mazana mudziwa geti lomwe likudontha, chifukwa buku lililonse lili ndi dzina la wogulitsa.

Gawo la timu lilowe ku banki tsiku lantchito lotsatira, lisanagwiritsidwe ntchito, pa akaunti ya timu yokhala ndi osainira atatu, awiri mwa iwo azisainira limodzi. Zopereka za pa Airtel Money kapena Mpamba zisamalowe pa nambala ya munthu. Msungichuma angakhale wokhulupirika chotani, ndalama ya timu ikasakanikirana ndi ya ndiwo za kunyumba kwake, iye yemwe sangathenso kuilongosola. Pepala la kagawidwe limatidwe poonekera tsiku lomwelo, ndipo kamodzi pachaka mabuku aonedwe ndi wowerengera ndalama wovomerezeka ndi bungwe la akatswiri owerengera ndalama la ICAM.

Funso: Mwana wanga wa zaka 22 amasewera mpira, ndipo miyezi itatu yatha osalandira malipiro. Lendi ndikumulipirira ndine ndi ndalama za mandasi. Akafuna kuchoka amamuuza kuti khadi yake sangaitulutse. Kodi mwanayu ndi kapolo? *Mayi wa ku Sadzi*

Yankho: Mayi, mwana wanu si kapolo, ndipo malamulo ali kumbali yake ngati ali ndi pepala. Mufunseni lero ngati ali ndi kope la kontirakiti yomwe anasaina. Anyamata ambiri amasaina mothamanga pa boneti ya galimoto, kope lokhalo n'kupita ndi mlembi. Ngati alibe, alipemphe polemba, ndipo akakanizidwa akafunse ku FAM kapena ku bungwe la ligi komwe analembetsedwa.

Malamulo a FIFA, kuyambira mu 2018, amanena kuti timu ikalephera kulipira malipiro a miyezi iwiri, wosewera ali ndi chifukwa chokwanira chothetsera kontirakiti. Koma pali njira yake. Ayenera kuilembera timuyo kalata yotchula miyezi ndi ndalama zomwe sanalandire, n'kuipatsa masiku osachepera 15 kuti ilipire zonse. Masikuwo akatha, alembe kalata yachiwiri yothetsa kontirakiti, ndipo dandaulo lake alipereke ku komiti ya FAM yoona za osewera, yomwe ndiyo imaweruza nkhani za m'dziko muno. Bungwe la osewera mpira la FPA lingamuthandize kulemba makalatawa.

Chomwe chimawagwetsa anyamata ndi kungosiya kupita ku treningi chifukwa cha mkwiyo. Akatero timu imalemba kuti wathawa ntchito, mlandu n'kutembenuka. Pamasiku 15 aja azipitabe, azisaina m'buku la opezeka. Asunge mauthenga onse a pafoni olonjeza malipiro. Asasainenso pepala lililonse lonena kuti walandira zonse pamene wangopatsidwa theka. Aonetsetsenso kuti ndalama yosainira ndi gemu bonasi zalembedwa mu kontirakiti, chifukwa lonjezo la pakamwa ndi lovuta kulitsimikizira pa mlandu.

Ngati sanasainepo kontirakiti ndipo amangolandira ya sopo, ndiye kuti amasewera ngati wosalipidwa. Zikatero ngongole ya malipiro ndi yovuta kuitsata, koma timu ilibe chomugwirira kosatha. Apite ku bungwe la ligi pa nthawi yosinthana osewera akapemphe kuti amasulidwe.

Funso: Anyamata kuno akuti masewero akubwerawa tikagonjanso titseke geti, kochi ndi komiti asatuluke. Ine mtima ukukana. Ndiwauze chiyani? *Sapota wa ku Mpondabwino*

Yankho: Achimwene, mtima wanuwo ukunena zoona. Pa malamulo a mpira, chomwe achita masapota amalipira ndi timu. Mwala umodzi ungabweretse chindapusa, kusewera popanda oonerera kapena kuletsedwa kugwiritsa ntchito bwalolo, ndipo masewero akalekezedwa panjira chifukwa cha inu, timu ingaweruzidwe kuti yagonja. Chindapusacho chidzachoka pa ndalama yomweyo yomwe osewera akuidikira. Kutsekera munthu kapena kumumenya ndi mlandu wa kupolisi, ndipo komiti idzapeza chonamizira chosayankhira funso la ndalama. Auzeni anyamatawo atenge mkwiyo womwewo akalipire umembala, alembe nsalu ya mawu aulemu yopempha msonkhano, ndipo asankhe anthu asanu okalankhula m'malo mwa onse.

Funso: Timu yathu inalera mnyamata kuyambira ali wamng'ono, anapita ku timu yaikulu ku Blantyre, pano tikumva kuti akupita kunja. Atsogoleri akuti ife palibe chathu. Zoona? *Mphunzitsi wa ku Songani*

Yankho: Aphunzitsi, chathu chilipo ngati mnyamatayo analembetsedwa m'dzina la timu yanu. Wosewera akagulidwa ndi timu ya dziko lina akadali pa kontirakiti, malamulo a FIFA amati K5 pa K100 iliyonse ya mtengo wake igawidwe kwa matimu omwe anamuphunzitsa kuyambira chaka chomwe anakwanitsa zaka 12 mpaka 23. Zaka za 12 mpaka 15, chaka chilichonse chimabweretsa 0.25 peresenti ya mtengo wonse; kuyambira 16 mpaka 23, chaka chilichonse ndi 0.5 peresenti. Tiyerekeze kuti wagulidwa pa $100,000 ndipo anali kwanu ali ndi zaka 16, 17 ndi 18: gawo lanu ndi $1,500. Ndalamayi imabweranso akagulitsidwa kachiwiri, ngakhale pakati pa matimu awiri a dziko lakunjalo. Njira ngati ya Gabadinho Mhango, yemwe anachoka ku Bullets kupita ku Bloemfontein Celtic mu 2013 n'kudzafika ku Orlando Pirates, ikuonetsa kuti wosewera mmodzi angasinthe matimu kangapo kunjako.

Kuyambira mu 2022 ndalama zoterezi zimadutsa ku FIFA Clearing House, ofesi ya FIFA yolandira ndi kugawa ndalamazi, ndipo imalipira potengera mbiri ya wosewera yomwe ili pa kompyuta. Timu yomwe inkamuseweretsa ndi khadi ya mnzake, kapena yomwe sinamulembetse n'komwe, siioneka pa mbiriyo. Lemberani mlembi wamkulu wa FAM kalata yopempha pasipoti ya mpira ya mnyamatayo, yomwe ndi mndandanda wa matimu omwe analembetsedwako, muone ngati zaka zomwe anali kwanu zalembedwa. Ngati zikusowa, tumizani makhadi akale ndi mapepala a masewero okhala ndi dzina lake kuti akonze msanga, kusamukako kusanatsekedwe. Funsaninso atsogoleri anu akuonetseni pangano lomwe anasainirana ndi timu ya ku Blantyre ija, muone ngati munalembedwa kuti timu yanu idzalandira gawo mnyamatayo akadzagulitsidwanso, komanso kuti ndi peresenti ingati.